Mayi Profira Sali pa Mndandanda wa Osauka

Soroca, 6 Seputembala 2010

Achemwali a Zinovia,

Mndandanda watuluka Lachisanu, ndipo dzina la amayi palibepo. Aumata pachitseko cha ofesi ya a meya kumudzi kwathu ku Ulmoaia. Ndinauwerenga kawiri, mayina makumi anayi.

Moni wabwera pambuyo, mundikhululukire. Kuno tili bwino, Larisa ndi ana akupereka moni. Sukulu yatsegulidwa, ndipo kalasi yanga yomwe inali ndi ana 26 chaka chatha yatsala ndi 19.

Ndilongosole kuti musafunse kawiri. Bungwe la akunja lija likumanga ng'anjo zatsopano za njerwa zotenthetsera m'nyumba ndi kukonza madenga, koma m'nyumba 40 zokha pa nyumba 310 za m'mudzi mwathu. Akuti masiku othandiza mudzi wonse anatha, tsopano akufuna osaukitsitsa. Amalowa m'nyumba ndi fomu, naona zomwe uli nazo, nakupatsa mapointi. Amene alibe kanthu ndi amene wakhoza.

Tsiku lomwe anafika kwa amayi ine ndinali kuno. Zomwe zinachitika ndazimva kwa a Gavril oyandikana nawo nyumba. Mawu awo ndi awa: "Fima, amako anawalandira anthu aja ngati abwera kudzafunsira mbeta." Anawatsegulira casa mare, chipinda chachikulu chija chosungira alendo. Makapeti onse anali pakhoma, mapilo a ukwati ataunjikidwa mpaka kudenga, patebulo pali nkhuku, timikate ta plachinte ndi vinyo. Firiji munatumiza ija anaikokera pakhonde kuti alendo asaiphonye. Kachipinda kakuseri komwe amagona ndi kuphikira, anakatseka ndi loko.

Kachipindako ndinakayeza Lamlungu. Ng'anjo yang'ambika kuyambira pansi mpaka pachumuni, ndipo zala zanga ziwiri zikulowa mumng'alumo. Denga likudontha malo anayi. Dokotala anawaunika pachifuwa mu Ogasiti ndipo sanazungulire: mapapo amenewo sangapirirenso utsi wa nyengo ina yachisanu. Ndiye zilipo ziwiri. Ng'anjo imangidwe Novembala asanafike, apo ayi ndikawatenga adzakhale nafe kuno. Nditawauza anandiyankha kuti, "Ukanditenge pamodzi ndi chitseko, chifukwa ndidzakhala nditachikumbatira."

Nthawi yodandaula ilipo mpaka pa 30 mwezi uno. Ndikufuna kuyesa.

Mafunso awiri. Loyamba, ndani anawauza amayi kuti achite phwando? Akukana kunena, ndiye ndikudziwa kuti ndi munthu amene amamukonda. Lachiwiri, ngati bungwe litikana, mungathe kutumiza ya ng'anjo ndi malata? Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Foni ya kwa gogo amene mumamusamalira ndaimba kasanu, ikungolira. Yankhani kudzera kwa Valeriu wa minibasi pa ulendo wake womwewu.

Mlongo wanu,
Serafim


Padova, 12 Seputembala 2010

Fima,

Moni aphunzitsi. Kalata yako ndaiwerengera pamsewu, Valeriu akulizaliza hutala kuti ndifulumire. Ngakhale "muli bwanji" weniweni mulibemo, manambala okhaokha. Unabadwa ndi rula m'manja iwe.

Inde, ndine. Ndinawalembera amayi mu Julayi kuti alendo akabwera awalandire bwino, asatichititse manyazi. Dikira kaye usanayambe kupukusa mutu. Waiwala za ng'ombe? Chaka chomwe anabwera a ng'ombe aja, anayendanso nyumba ndi nyumba, fomu ili m'manja. Ankafuna chiyani? Khola lolimba, bwalo losesa, munthu wooneka kuti angasamale chinthu. A Nastasia a m'mudzi mwathu aja anawalandira m'khitchini atavala sanza, akuti awamvere chisoni, ndipo analembedwa kuti sangakwanitse. Ife tinapaka laimu makoma, bambo anavala jekete, ng'ombe tinalandira. Ndiwe amene unaikoka chingwe kuchokera pabwalo la mpira. Ndiye ine ndikanadziwa bwanji kuti mayeso anatembenuka, kuti tsopano wolephera ndi amene akulandira mphoto? Wowerenga mabuku ndiwe. Bwanji sunapite kukawauza amayi kuti chaka chino fashoni ndi umphawi?

Ndipo usandiuze kuti ukanakhalapo zikanasintha. Mlendo wochokera kulikulu ku Chisinau, wafika ndi galimoto yoyera, amayi amulowetse m'kachipinda ka mabeseni? Angalole kufa.

Za kuwatengera ku Soroca, iwala. Nyumba yako ili pamwamba, masitepe makumi asanu ndi limodzi, zipinda ziwiri, anthu anayi. Adzagona pati, m'bafa? Munthu amene amadzuka n'kuyamba kukangana ndi nkhuku, ukamutsekere m'mwamba ngati nkhunda? Sadzafika Khirisimasi. Ukudziwa zimene zinawachitikira a Vera, anzawo a amayi aja, atawatengera kwa mwana wawo.

Pita ukadandaule. Uvale taye, uwalankhulire chilankhulo chawo cha mapointi.

Foni usamaimbe, Signora, gogo ndimamusamalirayu, sakonda phokoso. Kuno kukutentha. Mujumbomu muli khofi wa Larisa ndi masokosi a amayi. Zinazo tidzakambirana.

Zina


Ulmoaia, 19 Seputembala

Zina mwana wanga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Masokosi afika, ndi aakulu, koma ndivala awiri awiri. Ine ndili bwino, kachifuwa kokha, kamene Fima wakasandutsa nkhani ya pa wailesi. Mtedza wa m'mitengo wagwa wambiri chaka chino, mphesa ndiye zawola ndi mvula.

Mlongo wako akuti ndinalakwitsa. Tandiuza iwe ngati ndinalakwitsa. Anabwera awiri, mnyamata woyendetsa galimoto ndi mtsikana dzina lake Doina, wowonda ngati chikwapu, waulemu ndithu, anavula nsapato pakhomo. Ndinawakhazika mu casa mare monga anthu. Mtsikanayo akuti, agogo sitiloledwa kudya. Ndinati mwana wanga, amene anakuletsayo ali kuti, ali pano? Anadya plachinte zitatu. Mnyamata sindinamuwerengere, ndinachita manyazi m'malo mwake.

Kenako mafunso. Firiji muli nayo? Ndinati si iyo mwaidutsa pakhonde, ya ku Italy. Muli ndi mwana kunja? Ndinati ndili naye, amasamalira mayi wolemera wa nyumba yosanja, ndipo sandiiwala. Denga limadontha? Ndinayang'ana m'mwamba, ndinati mukuona dontho? Sindinaname ayi. Mu casa mare simunadonthepo chimangire bambo ako. Kumeneko ndi komwe anaika malata abwino. Anafunsa za chipinda chomwe tinakhalamo, ndinayankha za chipinda chomwe tinakhalamo.

Pochoka mtsikanayo anandipsompsona, akuti agogo nyumba yanu ndi yokongola kuposa zonse zomwe ndalowa. Ndinagona bwino tsiku limenelo. Lero akuti mawu amenewo ndiwo anandichotsa pa mndandanda.

Mnansi wathu Pantelei ali pa nambala 12 pa mndandandawo. Ng'ombe zake ziwiri zinakagona kuchigwa masiku atatu, wailesi yakanema anaikwirira m'chimanga. Tinakumana pachitsime akuti, Profira, suja unkanyada, wotha moto wa kapeti chaka chino. Ndinati ine ndidzafa ndi chisanu, iwe udzafa ndi bodza, tikakumana konko tidzaone wofunda.

Tsopano Fima akufuna mtsikana uja abwerenso ndimuonetse kuseri. Zina, kuli mabeseni anayi. Khoma lada ngati m'kamwa mwa galu. Dzina langa likamatidwe pachitseko cha a meya, aliyense wopita kukagula buledi aziwerenga kuti mkazi wa Ilarion, amene anamanga theka la nyumba za mudzi uno, ndi wosauka wa pa pepala? Ndakana. Ndamuuza kuti ndili ndi mwana ku Italy.

Ndiye ndikupempha iwe, ndipo sindinakupemphepo chikwatire. Tumiza ya njerwa ndi malata asanu ndi limodzi. Gavril amanga, manja ake akunjenjemera koma diso likadali lakuthwa. Tikatero Fima atseka pakamwa ndipo ine ndikhala pakhomo panga.

Uwapatse moni a Signora. Uziwaphikira msuzi wa nkhuku, okalamba timafanana.

Amako


Soroca, 20 Seputembala 2010

Achemwali,

Moni, ndipo muli bwanji. Mwaona, ndaphunzira.

Za ng'ombe mukunena zoona, ndipo ndinafunika kuziganizira. Ndakhala pansi n'kulemba zomwe zafika m'mudzi mwathu chiyambire. Poyamba ufa ndi mafuta ophikira, kwa aliyense. Kenako ng'ombe, kwa ooneka akhama. Kenako mipope ya madzi, kwa mudzi umene wasonkha gawo lake. Tsopano ng'anjo, kwa osaukitsitsa. Pafupifupi zaka zinayi zilizonse funso limasintha, koma anthu amayankha funso la ulendo wapita. Sindikunena kuti ndi zachabe. Mipope ikutulutsa madzi mpaka lero. Pa mayina 40 aja, 36 ndikuwadziwa kuti ndi ovutikadi, ena kuposa amayi.

Lachisanu ndinakaonana ndi Doina ku ofesi yawo. Si munthu woipa. Anatulutsa fomu ya amayi n'kundionetsa mzere ndi mzere.

Ndinati, "Simunadabwe kuti m'chipindamo mulibe ng'anjo? Munthu angakhale m'chipinda chopanda moto mu Januwale?"

Anati, "Aphunzitsi, agogo anga ali ndi casa mare. Ndikudziwa kuti simugona munthu. Koma tsiku limenelo inali nyumba ya 23, ndipo fomu imati lemba zomwe waona. Anailemba anthu amene sanaonepo nyumba yomwe chipinda chabwino ndi cha alendo ndi maliro."

"Ndiye tikonza bwanji?"

"Ziwiri. Ndione kumene amagona. Ndipo mzere uwu." Analoza pomwe palembedwa kuti wachibale kunja. "Umenewu wokha ukuchotsa mapointi khumi ndi asanu. Ngati mwanayo satumiza kanthu, alembe yekha ndi kusayina."

Ndinamuuza kuti pamenepo palibe chokonza, chifukwa mumatumiza. Koma ndili m'basi ndinayamba kukumbukira. Chiyambire Meyi kwabwera khofi, masokosi, sopo. Funso langa la ng'anjo munalilumpha. Ndiye ndinamufunsa Valeriu kumene amatenga makalata anu. Akuti kale ankaima pageti la Signora, tsopano mumamudikira kupaki, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Ndinati bwanji? Anati, "Aphunzitsi, ine ndimanyamula katundu, nkhani sindinyamula."

Larisa akuti mwapeza mwamuna ndipo ndalama zikupita kumeneko. Ine sindinena chomwe sindikudziwa. Ndikungofuna choona, chilichonse chomwe chili. Ngati mungathe kutumiza, nenani tsiku, ndisiye kuwazunza amayi. Ngati simungathe, lembani pepala. Kwatsala masiku khumi.

Serafim


Soroca, 4 Okutobala 2010

Achemwali,

Moni. Lachitatu ndinadikira pamalo oimira minibasi mpaka madzulo. Valeriu sanafike, foni yake yazima, kalata yanu palibe. Pa 30 padutsa. Ndinapita kwa Doina chimanjamanja, ndipo watiwonjezera mpaka pa 15, akuti kupitirira apo sangathe chifukwa njerwa zayamba kale kugawidwa.

Loweruka m'mawa udzu unayera ndi chisanu koyamba. Amayi anakoleza ng'anjo. Nditalowa sindinawaone, ndinangowamva kutsokomola. Ndinatsegula zenera, iwo anatseka. Ndinatsegulanso. Tinachita zimenezi kanayi.

Tsiku lililonse amafunsa a Gavril ngati minibasi yadutsa. Auza kale wogulitsa njerwa kuti asunge mazana atatu, mwana wawo akutumiza.

Ndabwereka bedi lopinda kwa mnzanga wa kusukulu. Likukwana m'khitchini tikatulutsa tebulo. Ngati mwakwiya ndi funso langa, kwiyani, koma yankhani.

Serafim


Padova, 26 Seputembala 2010
(inafika pa 8 Okutobala; minibasi inafera m'njira ku Hungary)

Fima mlongo wanga,

Moni. Umuuze Larisa kuti mwamuna wangayo ndi chidebe ndi chokolopera, ndipo sandipatsa mpata.

Signora anamwalira pa 9 Meyi. Ndinamusambitsa ndine, ndinamuveka ndine. Patatha masiku atatu ana ake anandithokoza bwinobwino, nandipatsa jasi lake, nandipempha makiyi. Mapepala omwe analonjeza kundikonzera chaka chatha anali asanawapereke n'komwe. Ndiye ndilibe ntchito yokhazikika, ndilibe mapepala. Tikugona akazi asanu m'chipinda chimodzi, atatu a kwathu, awiri a ku Ukraine. Ndimakolopa masitepe a nyumba ziwiri, Lachiwiri ndi Lachisanu. Ntchito za okalamba zilipo, koma akufuna wa mapepala kapena wa msana wa zaka makumi atatu. Wanga uli ndi 52. Masokosi aja ndinagula ndi ndalama ya basi, ndinayenda pansi sabata yonse.

Ndimati ndipeza ntchito mwezi wamawa, ndidzanene zonse zitadutsa, tidzaseke. Mwezi wamawa wakwana kanayi.

Kalata ya amayi ndaiwerengera m'tchalitchi chifukwa ndi mokhamo mopanda anthu. Akuti ndiziwaphikira a Signora msuzi. Fima, zaka zisanu ndi zitatu amayi akhala akuyenda m'mudzi mutu uli m'mwamba chifukwa cha ine. Anasowa mwana pa maliro a bambo, koma anali ndi firiji yoloza. Ndikawalanda chimenecho atsala ndi chiyani?

Pepala lako ndi ili, ndalemba monga unanenera. Ine Zinovia, mwana wa Ilarion, sindili pa ntchito chiyambire Meyi ndipo sinditumiza thandizo. Ndasayina.

Chinthu chimodzi chokha. Ukamupatse Doinayo m'manja, amayi asalione. Uwauze kuti ndalama zachedwa kubanki, uwauze chilichonse. Ndikudziwa kuti bodza limakutsamwa, koma yesako kamodzi, sufa.

Ndipo usawakweze masitepe aja. Chonde.

Zina


Soroca, 17 Okutobala 2010

Achemwali anga,

Moni. Kalata yanu inafika mochedwa pafupifupi masiku khumi. Pepani chifukwa cha yanga ya pa 4, ndinailemba ndisakudziwa.

Ndiyambe ndi cholakwa changa. Amayi aliona pepala lanu. Mwini nyumba amayenera kusayina pansi pa chilichonse chomatidwa ku fomu yake, ndipo ine sindinafunse zimenezi pasadakhale.

Kuti alole Doina kubwera kachiwiri, ndinawauza kuti ndalama sizibwera mwezi uno, ndipo atsala ndi Doina kapena bedi lopinda. Anasankha Doina. Doinayo anabwera Lachinayi, ine ndilipo. Amayi anaima pakhomo la kachipinda kaja manja ali m'chiuno.

"Mwana wanga, kunoko kulibe choona."

"Chimenecho ndi chomwe ndabwerera, agogo."

Anayamba kuvula nsapato. Amayi anati, "Vala, pansi pali chinyezi, ungadzandiimbe mlandu wa chimfine." Doina analowa. Anawerenga mabeseni, anapisa dzanja mumng'alu, anajambula khoma. Amayi anayang'ana panja nthawi yonseyo. Kenako anati, "Ulembenso kuti ndi mosesa." Fomu ilibe mzere wotero. Doina analemba m'mphepete.

Doina atatulutsa mapepala oti amayi asayine, ndinayesa kuphimba lanu ndi chikhatho. Amayi anandimenya dzanja. "Chotsa. Ndinakuphunzitsa kuwerenga ndine." Anavala magalasi nawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atamaliza anayambiranso. Kenako anafunsa Doina, osati ine.

"Zimenezi akaziwerenga pagulu?"

"Komiti yokha, agogo. Anthu asanu."

"Mlembi wa a meya alimo?"

"Alimo."

"Ndiye ndi pagulu."

Anasayina. Sanalire. Anamupatsa Doina mtedza wodzaza jumbo, ndipo uyu sanayese n'komwe kukana.

Komiti inakhala Lachisanu. Mapointi a amayi akwera kuposa a anthu khumi ndi mmodzi omwe ali pa mndandanda. Koma 40 aja anasayinirana kale ndi bungwe, ndipo njerwa zili pamakomo pawo. Palibe amene angachotsedwe. Amayi alembedwa nambala 41, woyamba pa oyembekezera gawo lachiwiri. Dzina lamatidwa pachitseko.

Ndinaperekeza Doina ku galimoto n'kumufunsa kuti gawo lachiwirilo ndi liti. Anayang'ana woyendetsa, kenako anatsitsa mawu.

"Aphunzitsi, musandigwire mawu. Kulibe. Akuluakulu anabwera mwezi watha. Akuti kugawa zinthu sikuchotsa umphawi, kumangoufunditsa. Kuyambira Januwale tiziphunzitsa anthu kuyambitsa mabizinesi ang'onoang'ono."

"Amayi ali ndi zaka 76."

"Ndikudziwa. Inenso ntchito yanga ikutha mu Disembala."

Zomwe akuluakuluwo akunena ndinaziwerengapo, ndipo mwina pa dziko lonse n'zoona. Pa nyumba imodzi iyi, zotsatira ndi izi: amayi ndi osauka mwalamulo, chinsinsi chanu chili m'sitolo ya buledi, ndipo ng'anjo palibe. Ndine ndinakankha zonsezi, poganiza kuti choona chikalembedwa bwino chimakwanira.

Amayi ndawauza kuti ndidzabwera kudzawatenga ndi galimoto ya mnzanga pa 31. Anangondifunsa ngati kumene mukugonako muli ndi bulangete.

Serafim


Ulmoaia, 24 Okutobala

Zina,

Moni mwana wabodza, wobadwa kwa mayi wabodza. Iwe wandinamiza miyezi isanu. Ine mabeseni aja ndinayamba kuwatchera zaka ziwiri zapitazo, ndikukulembera kuti zonse zili bwino. Ndiye usapepese, nanenso sindipepesa.

Mudzi wonse wadziwa. Ndinapita dala kukagula buledi Lolemba nthawi yomwe kumadzaza anthu, kuti athane nazo kamodzi. Kenako mkazi wa Pantelei anandikokera pambali, akuti Profira, mwana wathunso wa ku Portugal chiyambire Pasaka sanatumizepo kanthu. Ndinati nanga ng'ombe munabisiranji, mukanangonena zoona. Tinaseka mpaka wogulitsa anatitulutsa.

Tsono tamvera. Lachiwiri kunagwa mvula, ndinasowa poika bedi. Ndinapita mu casa mare kukatenga beseni lina, ndipo ndinangoima. Mouma. Mawindo awiri osalowa mphepo. Pansi pa matabwa. Zaka makumi asanu ndakhala ndikusesa chipinda chimenechi, kuchipukuta, kuchitsekera. Munadyera anthu ukwati wako ndi wa Fima, munagona bambo ako masiku atatu ali m'bokosi, mwadyera ansembe, mwadyera a ng'ombe, mwadyera Doina. Ine mwini wake sindinagonemo ngakhale tsiku limodzi. Ndimadikira kudzalowamo atandinyamula.

Ndinaitana Gavril. Ndinati ugwetse ng'anjo yakale, usankhe njerwa zabwino, undimangire muno, pakona pomwe pali mapilo. Anavula chipewa n'kukanda mutu. Akuti, Profira, moto mu casa mare? Utsi pa makapeti? Anthu adzati chiyani? Ndinati anthu ake ati, Gavril? Anthu onse ali ku Italy. Akuti nanga ukadzafa tidzakugoneka kuti? Ndinati pomwepo, pafupi ndi ng'anjo, kuti olira asathawe msanga.

Makapeti tatsitsa dzulo ndi mkazi wake. Kuseri kwa ija ya maluwa ofiira kunali njenjete zonenepa ngati ana a a meya. Ndinalira pang'ono, ndisakubisire. Khoma likuoneka ngati munthu wometedwa.

Doina anadutsa Lachisanu pa basi, osati pa galimoto yoyera. Anabweretsa pepala la kamangidwe ka ng'anjo zawo zija ndi kachitseko kachitsulo komwe akuti kanatsala chifukwa kanapindika. Gavril wakawongola ndi hamala. Pepalalo analiyang'ana mozondoka n'kunena kuti iye anayamba kumanga ng'anjo wojambulayo asanabadwe, koma ndamuona akulipinda bwino n'kuliika m'chipewa.

Chipindachi ndi chachikulu, Zina. Mabedi awiri akukwana. Sindikukuitana, ndiwe wamkulu, ukudziwa wekha. Ndikungokuuza kukula kwake. Masitepe a eni ake ukolope ngati ukufuna, koma osati chifukwa cha ine kapena firiji.

Fima akufuna kulemba pansipa. Usamukwiyire, wawonda.

Amako

Achemwali, ndawerenga njerwa za ng'anjo yakale. Pa zitatu zilizonse, ziwiri zigwiranso ntchito. Zotsalazo a Gavril apereka za khola lawo lakugwa. Dongo likufuna masiku khumi a kamoto kakang'ono kuti liume, ndipo masiku amenewo amayi azigona kwa a Gavril. Chisanu choopsa chikafika lisanaume, ling'ambika, ndipo avomera pamaso pa mboni kuti zikatero akwera galimoto popanda kukumbatira kanthu. A zanyengo akuti tili ndi masabata awiri, mwina kuchepera. Bedi lopinda sindinabweze. Lachisanu tigwetsa yakale. Loweruka m'mawa, kalatayi ili m'njira, tiboola denga la casa mare kuti chumuni chidutse.

S.